Phiri limavuta potsika

Lolemba ndinalandira alendo awiri oti ndiwatsogolere kukwera phiri: bambo wa zaka 67 ndi akazi awo, amene anachitidwa opaleshoni ya bondo lakumanzere zaka zitatu zapitazo. Ineyo ndili ndi zaka 56, ndipo kakolo amene ndinabinya ndili mnyamata, nditasenza katundu, amandiwawabe kukazizira.

Bamboyo anangofikira kufunsa kuti tidzafika nthawi yanji pamwamba. Ndinati, "Bambo, tiyambe tawerengera zobwerera."

Otsogolera alendo ambiri timayerekeza nthawi ndi lamulo la William Naismith wa ku Scotland, la mu 1892: ola limodzi pa makilomita 5, kuwonjezapo ola lina pa mamita 600 aliwonse okwera. Koma lamuloli ndi la munthu wamphamvu amene sakupuma panjira. Kwa alendo ngati awa ndimawonjezera theka la nthawiyo, ndipo potsika sindichotserapo kalikonse.

Lachiwiri tinakhala pachitunda chachifupi, tikungophunzira kutsika. Anthu amadabwa nazo, koma ine ndimaona kuti tsiku limeneli ndi lofunika kuposa ena onse. Pokwera amavutika ndi mtima ndi mapapo, ukaima, wapuma. Potsika, minofu yakutsogolo kwa ntchafu ndiyo imagwira buleki paphazi lililonse, ndipo ikatopa, kulemera konse kumathera m'bondo. N'chifukwa chake ululu weniweni umabwera mawa kapena mkuja. Mayiwo ndinawatalikitsira ndodo zoyendera, ndikuwauza kuti aziponda pafupipafupi, bondo litapindika pang'ono, osaliwongola gwa. Pamwala wautali, mwendo wabwino utsogole pokwera, wovutawo utsogole potsika. Pofika madzulo anali atazolowera, mpaka kuyamba kuwawongolera amuna awo.

Lachitatu tinayamba njira yaikulu kusanache. Tinagwirizana kuti ikakwana 1 koloko tibwerera, kaya tili pati. Madzi ndinkawakumbutsa ndine, poti munthu akamakula samva ludzu msanga. Nthawi itakwana, nsonga inali kuoneka pafupi, koma mayiwo anali atayamba kukoka phazi. Bamboyo anatulutsa mapiritsi a ululu. Ndinawapempha kuti awabweze m'thumba, chifukwa bondo likamalira limakhala likutichenjeza, ndipo kulitseka pakamwa kutatsala maola anayi otsetsereka n'kudziika pangozi. Anakhumudwa, osandiyankhula kwa nthawi ndithu. Zinandipweteka mumtima, chifukwa ndinkadziwa kuti ulendowu anaukonzekera kwa miyezi.

Lachinayi tinapuma.

Lachisanu tinadzera njira ina yozungulira, yaitali koma yosatsetsereka kwambiri, zikwama titazipepuza. Tinaima pamwamba itangodutsa 12 koloko, ndipo mayiwo anakhala pamwala n'kugwetsa misozi mwakachetechete. Kutsika kunatitengera maola asanu. Tili m'munsi, bamboyo anandigwira dzanja n'kundipempha kuti ndiwalembere papepala kutalika kumene ndinaika ndodo za akazi awo.