Mota ya chigayo ikapsa, funsani kaye mmene achotsere waya

Lero ndagaya kuyambira m'mawa mpaka madzulo ndipo mota ndikutha kuigwira ndi dzanja osapsa. Zanditengera milungu isanu ndi kulipira kawiri.

Inapsa mu June, anthu kuno ku Chibavi, mu Mzuzu, akubwera ndi chimanga chatsopano. Mmisiri woyamba anaiphwasula, n'kuika chitsulo chokhala ndi waya chija pa makala, kukupiza mpaka chinafiira kuti vanishi wakale apse, waya usololoke. Kenako anachithira madzi. Ine ndili chiimire pompo, kumayamikira kuti bambo awa ngachangu. Abale, musalole chitsulo chimenecho kufiira.

Waya watsopano anakulunga bwino ndithu, koma patangotha masiku awiri mota inkatentha ngati chiwaya cha tchipisi, mayunitsi akutha ngati madzi.

Chimene chimandiwawa mpaka pano ndi tsiku limene ndinabwerera kwa mmisiri uja. Ndinafika 7 koloko, kamvula kowaza ka ku Mzuzu kali mkati, mnyamata wawo akuti abwana atuluka pang'ono. Ndinakhala pa tayala. Masana akuti ali m'tauni kogula mabelingi. Chigayo chili chotseka, amayi akudutsa ndi madengu kupita kwa anzanga. Anatulukira cha m'ma 4 n'kunena kuti, "Achimwene, vuto ndi magetsi a kwanu." Kuti ayang'anenso, ndilipire ya kutsegula. Ya kutsegula mota imene anawononga okha!

Bambo wina wachikulire ku Luwinga ndiye anandionetsa chimene chinalakwika. Chitsulo chija si chibuma chimodzi ayi. Ndi timalata topyapyala, pafupifupi theka la milimita, tosakaniza ndi silikoni pang'ono, ndipo kalikonse n'kokutidwa kuti magetsi asadumphire pa kanzake. Moto ukapitirira madigiri 370 chokutiracho chimayamba kupsa, timalata timagundana, magetsi n'kumangozungulira m'chitsulomo kusanduka kutentha. Chitsulo chikafiira ndiye kuti chadutsa kale 500. Ku fakitale amatiwotchadi timalatati akatha kudula, mpaka madigiri 750 kapena 800, kuti maginito azidutsa mosavuta, koma mu uvuni wotseka wa mpweya wa nayitrojeni, ndipo timazizira pang'onopang'ono kwa maola ambiri. Osati makala ndi ndowa ya madzi.

Ndaiwala kunena, asanakulunge waya auzeni ayese chitsulocho. Bambo a ku Luwinga aja anazunguliza chingwe pa changa, kuyatsa magetsi kwa mphindi zingapo, n'kundiuza ndigwire. Malo awiri anali moto.

Tinachita kugula mota ina yakufa ya saizi yomweyo kwa ogulitsa zitsulo zakale. Waya anaudula mbali imodzi, kufewetsa vanishi mu uvuni wokhala ndi geji yoyezera kutentha, n'kuusolola. Tsiku loumitsa vanishi watsopano magetsi anathima, tinadikiranso mpaka mawa lake, koma pamenepo sindinadandaule.

Funsani ngati ali ndi uvuni wa geji musanatsitse mota pa galimoto. Mukaona mbaula pakona, ikwezeninso.