Ng'oma sipuma, koma woimba bassoon amapuma

Gulu la zida zisanu zouzira, lomwe oimba amangoti quintet, limakhala ndi flute, oboe, clarinet, bassoon ndi French horn. Analitchukitsa ndi Anton Reicha ku Paris cha m'ma 1810, ndipo analipekera nyimbo 24. Ife Amalawi a kuno ku Johannesburg tikafuna kuika chimtali, manganje kapena kwela pa zida zimenezi, chimene chimayamba kutivuta ndi mpweya, manotsi amabwera pambuyo.

Nyimbo zakwathu zimazungulira. Ng'oma ndi kuwomba m'manja zimabwereza kachigawo kamodzimodzi, nthawi zambiri ka kugunda 12, osadukiza mpaka gule atatha. Wokonza nyimbo wosazolowera amangosenzetsa bassoon ntchito yonseyo poti ndiye wa besi. Pakatha mabala (tizigawo tofanana ta nyimbo yolembedwa) asanu ndi atatu munthu uja wabanika, wayamba kuba mpweya pakati pa kachigawo, gule n'kumatsimphina. Gawanani ntchitoyo. Bassoon aimbe mabala awiri, horn alandire awiri otsatira, koma notsi yomaliza ya wina ilowane ndi yoyamba ya mnzake kuti womvera asadziwe polumikizira. Popumira palembedwe ndi pensulo pa pepala la aliyense, asamadzisankhire. Polemba kumbukiraninso kuti clarinet ya B-flat imamveka toni imodzi pansi pa zolembedwa, horn ya F masitepe asanu pansi.

Kutsogolera nyimbo mupatse oboe, chifukwa mawu ake amaboola ngati a mayi woyambitsa nyimbo pabwalo. Clarinet ndi flute akhale ovomera, ndipo alowe wotsogolera asanatsirize, monga timachitira kwathu. Akamadikira kuti amalize kaye, mpata umenewo umaziziritsa nyimbo. Chuni musachikhotetse pofuna kukometsa. Chimakwera ndi kutsika motsata mawu a Chichewa, ndiye mukasintha notsi imodzi, wodziwa nyimboyo amamva kuti mawu apotoka ngakhale palibe akuyimba pakamwa.

Kwela ndiyo imakhala bwino kwambiri pa zida izi, ndipo ndi yathu tonse: inakula m'makomboni a Johannesburg m'zaka za m'ma 1950 ndi akatswiri a chitoliro ngati Spokes Mashiyane, kenako Daniel ndi Donald Kachamba anaikulitsa ku Chileka. Makodi ake, kapena kuti magulu a manotsi olira pamodzi, ndi atatu basi. Wa flute asaimbe moyeretsa kwambiri. Azitsetsereka polowa notsi, mpweya uzimvekako pang'ono.

Tsopano za malo ano, zomwe zimadzidzimutsa wochokera ku Blantyre kapena Durban. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, mpweya wake ndi wopepuka, ndipo bango la pouzira chida lomwe limalira bwino kumunsi, kuno limauma mtima, limafuna mphamvu zambiri. Wa clarinet atsike theka pa nambala ya kulimba kwa bango, mwachitsanzo kuchoka pa 3½ kufika pa 3. A oboe ndi bassoon apale mabango awo pang'onopang'ono, kupala kamodzi n'kuyesa, chifukwa chimene mpeni wachotsa sichibwerera, ndipo bango lopalidwa mopitirira limatsitsa chuni. Alinyike m'madzi mphindi ziwiri kapena zitatu asanayambe. Malovu okha sakwana m'nyengo yozizira.

Mu June ndi July samalani matabwa. Oboe ndi clarinet zambiri amazisema ku mtengo wa phingo, womwe umachokera kwambiri ku Mozambique ndi Tanzania. Mukauzira mpweya wofunda m'chida chozizira, m'kati mumatupa kunja kukadali kouma, thabwa n'kung'aluka pafupi ndi timabowo ta kumtunda. Fungatirani chigawo cha kumtundacho m'khwapa mphindi zingapo musanaimbe, pukutani m'kati mukangopuma, ndipo chikwama chake chisakhale pafupi ndi hita. Chida chatsopano chisapitirire mphindi 15 mpaka 20 pa tsiku m'masabata oyamba. Muholo yozizira chuni cha onse chimayambira pansi, ndiye oboe aperekenso A, notsi yochunira onse, mukatha nyimbo yoyamba.