Za mabini a ku Germany, kwa inu amene mukunyamuka

Ndili kwathu ku Kasungu pa holide, nde mwana wa achemwali anga wapeza malo ophunzira unesi ku Germany, mafunso ake onse ndi a visa, majekete, kaya ufa umapezeka. Ndamuuza kuti mwanawe khala pansi tikambe za zinyalala kaye, iye kuseka amvekere amalume inunso, koma zoona zake chimene chimadanitsa mlendo ndi maneba mwezi woyamba kumene kuja ndi bini. Nde ndilembe mmene ndimachitira ine, ena mutolepo.

Kuno zonse timaponya kudzala, makoko a nthochi, majumbo, mabatire a tochi, likadzadza kukwirira kapena kuyatsa madzulo basi. Uko kuyatsa zinyalala nkoletsedwa, dzala kulibe, ndipo pa fulati mabini ndi a nyumba yonse osati ako wekha. Ndiye ndikangolowa nyumba yatsopano ndimayamba ndafunsa a Hausmeister, bambo oyang'anira nyumba aja, kuti mabini ali pati, poti kwina amakhala mkachipinda kokiya pansi ndipo umafunika kiyi. Kenako ndimasaka kalendala ya zinyalala ya mzindawo, Abfallkalender, imakhala pa intaneti kapena pa app, imasonyeza tsiku lomwe galimoto ibwere kudzatenga bini iti. Musadalire zomwe mnzanu wa mzinda wina wakuuzani chifukwa mzinda uliwonse uli ndi timalamulo take.

Ntchito yeniyeni ili ku khitchini. Ukasakaniza mnyumba sungakaime pa bini panja kukuzizira nkumasankha chimodzichimodzi, nde pansi pa sinki ndinaika tindowa tiwiri, ka zotsala za zakudya ndi ka zinyalala wamba, pambali thumba lachikasu ndi katoni ya mapepala, mabotolo ali ndi chikwama chawo kuseri kwa chitseko.

Chachikasu chija, thumba lotchedwa Gelber Sack kapena bini yotchedwa Gelbe Tonne, ndi pomwe ambiri amasokonezeka, amaona ngati ndi bini ya pulasitiki iliyonse. Ayi. Ndi ya zokutira za katundu yemwe mwagula: kapu ya yogati, chitini cha nsomba, katoni ya mkaka kapena juwisi, pepala la pulasitiki lokutira nyama, botolo la shampu. Chifukwa chake nchakuti kuyambira 1991 lamulo lawo linati makampani ogulitsa katundu ndi amene azilipira kutolera zokutira zawo, nde ndalama yoyendetsera bini yachikasu imachokera kwa iwowo, ndipo iwo sanalipirire ndowa yanu yosweka kapena mswachi wakutha. Zimenezo mmizinda yambiri zimapita ku bini yakuda, ya zinyalala wamba. Ku Berlin ndi malo ena anasintha, ali ndi Wertstofftonne yomwe imalandira pulasitiki ndi zitsulo zina zomwe, nchifukwa ndikuti funsani komwe muliko. Ine ndikamaliza yogati ndimamatula kachivindikiro ka aluminiyamu kaja nkuponya pakokha mthumba lomwelo, komanso sindilowetsa makapu mkati mwa anzake, poti kufakitale amasankha ndi mashini ndipo zinthu ziwiri zikamatirirana mashini amaona chimodzi. Kutsuka sikofunika, bola mwakokota ndi supuni.

Yabulawuni, kwina yobiriwira, ndi Biotonne, ya zowola, makoko a mbatata, masamba a tiyi, zikamba za mazira. Amapangira manyowa ndi gasi. Musaponyemo ndi jumbo yomwe, ngakhale timatumba tija amalemba kuti timawola tokha mizinda yambiri imatikana. Ine ndimakulunga mu nyuzipepala, zimathandizanso nthawi yotentha mu July ndi August pomwe bini imeneyi imatha kuchita mphutsi. Nsima yotsala ndi ndiwo zophika, apo yang'anani malamulo a mzinda wanu, ena amalola ena amati ku yakuda.

Yabuluu ndi ya mapepala ndi makatoni, katoni muziphwasula ikhale yafulati, mukaiponya yathunthu bini imadzadza tsiku limodzi ndipo aliyense amadziwa mwini wake poti dzina lili pa sitika. Marisiti a mshopu oterera aja ndi matishu ogwiritsa kale ntchito sapita mmenemo. Yakuda, Restmüll, ndi ya zotsala zonse, matewera, fumbi losesa, zotsalira za ndudu, mbale yosweka.

Magalasi nthawi zambiri bini yake siikhala pakhomo, umanyamula kupita ku makontena a mmbali mwa msewu, loyera, lobiriwira ndi labulawuni, botolo labuluu limalowa kobiriwira. Tambula yomwera madzi, kalilole ndi makapu a dothi ayi. Ndipo pali nthawi yake abale, Lamulungu, tsiku la holide ndi usiku osaponya chifukwa cha phokoso, maola amalemba pa kontena pomwepo. Ife tinazolowera kuti Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi ndi pomwe timakonza pakhomo, uko agogo ena amakutsegulira windo nkukukalipira.

Koma musanataye botolo lililonse liyang'aneni kaye, mwina ndi ndalama. Zili ngati mmene timabwezera botolo la Fanta pa golosale, kungoti uko zinafika pena. Amati Pfand. Botolo la pulasitiki la madzi kapena zakumwa ndi chitini cha mowa kapena soda chokhala ndi kachizindikiro kake ndi masenti 25 a euro, dongosolo limeneli linayamba mu 2003, botolo lagalasi la mowa ndi masenti 8, ena obwezedwa ndi 15. Ndalamayi munalipira kale pa thilu. Ine ndimasonkhanitsa, tsiku lokagula zinthu ndimapita nawo pa mashini a mu supamaketi, kulowetsa limodzilimodzi, kudina batani, katuluka karisiti kokachotsera pa bilu. Osaliphwanya botolo, osamatula lebulo, mashini akalephera kuwerenga amalilavula. Ndikamwera mtauni ndipo sindikufuna kuyenda nalo ndimaliimika pambali pa bini osati mkati, alipo anthu ovutika amene amatolera kuti apeze ya buledi, asamachite kupisa mkono mzonyansa.

Tsono chomwe maneba amakwiyira si ukhondo chabe, ndi ndalama zawo. Ndalama ya zinyalala ili mkati mwa zolipira zapamwamba pa lendi, Nebenkosten, ndipo amagawana nyumba yonse. Otolera akatsegula bini yachikasu nkupeza matewera kapena zakudya amatha kuisiya pomwepo atamata sitika, nde imadzatengedwa ngati zinyalala wamba pa mtengo wina, bilu kwa tonse. Mawa lake mupeza kakalata pa masitepe kopanda dzina, ndipo ngati mwalowa kumene aliyense maso kwa inu ngakhale wataya ndi wina. Ine sindimakonda khalidwe limenelo, koma njira yabwino ndi yoti pasakhale poyambira.

Mabatire ndimakasiya mtimabokosi ta mshopu ngati dm, Rossmann kapena supamaketi iliyonse yogulitsa mabatire, nkwaulere. Mafuta ophikira otsala osathira mu sinki, amatseka mapaipi, ndimathira mbotolo nkutseka bwino kupita ku yakuda. Foni yakufa, ketulo, penti, zimenezo ndi za ku Wertstoffhof, bwalo la mzinda lolandirira zinthu zotere. Matiresi, sofa kapena kabati musangozitulutsa panja usiku poganiza kuti wina atola, akakupezani ndi faindi. Mumabukitsa Sperrmüll, otolera katundu wamkuluwamkulu wotayidwa, pa foni kapena pa intaneti, amakupatsani tsiku, kwina nkwaulere kwina mumalipira, ndipo mukamasamuka nyumba bukitsani msanga chifukwa tsiku limatha kupezeka patadutsa masabata angapo pomwe landilodi akufuna makiyi ake kumapeto kwa mwezi.