Za ulendo wa ku Cape Maclear, kwa amene munatsala ku Lilongwe

Anzanga a m'gulu amene simunapite, nayi nkhani yake. Tinanyamuka pa Area 25 mbandakucha pa kosita, ena anafika mochedwa ngati mwa masiku onse koma zimenezo tisaziputenso.

Ine pomwe panandigwira mtima ndi pa Golomoti. Mukadutsa Dedza n'kukhota, msewu uja umayamba kutsetsereka mokhotakhota, makutu kutseka, adalaivala kumangoponda mabuleki mpaka fungo kumveka kumpando wakumbuyo, ndiye madala athu aja anaphunzira za miyala anati tiime kaye pamalo poonekera chigwa chonse. Anatilongosolera kuti chitsetsereko chimene tikudandaula nachochi ndi m'mphepete mwa pomwe dziko linang'ambika, mbali ina inatsala m'mwamba, yapakati inatitimira, madzi n'kudzaza, n'kukhala nyanja yathuyi. Mng'alu wake si wa ife tokha, unachokera ku Ethiopia uko, kudutsa Kenya ndi Tanzania mpaka ku Mozambique, ndiye Rift Valley timaloweza mkalasi ija imeneyo. Ndipo sunasiye kung'ambika ayi, umasuntha pang'onopang'ono chaka ndi chaka, n'chifukwa chake kunachita chivomerezi ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu December 2009. Amayi ena mukositamo anati cha 1989 chija amachikumbukira, anathawira panja ndi chitenje chokha konkuno ku Lilongwe, kosita yonse kuseka.

Taganizani izi, Lilongwe ili pa mamita opitirira 1,000 kuchokera pa mlingo wa nyanja ya mchere, pamwamba pa madzi a nyanja ya Malawi ndi cha m'ma 470, koma kumpoto kuli malo akuya pafupifupi mamita 700. Ndiye kuti pansi pakepo pali kunsi kuposa gombe la ku Beira. Achimwene ena anakana mpaka anawerengetsa okha pa foni.

Tisanafike m'mudzi wa Chembe ku Cape Maclear tinaima pa Mwala wa Mphini. Ndi chimwala chachikulu chamizeremizere ngati wina anachitema mphini ndi lumo, koma madala anati palibe anachisema, ndi ming'alu imene mvula ndi dzuwa zakhala zikudya kwa zaka zosawerengeka. Ena sanakhutire, mtsutso wake unatifikitsa kunyanja.

Zolowa m'madzi ndiye zinali zinazake. Anatitengera pa boti ku chilumba cha Thumbi, ambirife tinavala magalasi aja ndi kapaipi kopumira n'kumangoyandama chafufumimba, ochepa olimba mtima ndiwo anabereka masilinda a mpweya limodzi ndi mlangizi. Asanawalole kumira anawaphunzitsa kaye pamadzi osaya. Akuti mamita 10 aliwonse amene watsika, madzi amakupanikiza ndi mphamvu ina yofanana ndi ya mpweya wonse wa kunja kuno, ndiye makutu amapweteka, uzitsina mphuno n'kufwenthera mkati pang'ono kuti atseguke. Pokwera osagwira mpweya m'chifuwa komanso osathamanga, chifukwa mpweya uja umafufuma ungakuvulaze mapapo. Pansi pa madzi amalankhulana ndi manja, chala chachikulu kuloza m'mwamba si kuti zili bho, ndi kuti tikwere, zili bho ndi kupanga kabwalo ndi zala.

Tinsomba ta mbuna ndiye musanene. Zabuluu, zachikasu, zamizere, zimangodomola ndere pamiyala pafupi ndi nkhope yako penipeni osakuopa, ndipo mlangizi anationetsa ina masaya atatupa, ili ndi ana mkamwa, yaikazi imasunga mazira ndi tiana take momwemo mpaka titakhwima. Nsomba zimenezi ndizo zinachititsa kuti malowa akhale paki mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wake wa malo ofunika kutetezedwa pa dziko lonse mu 1984. Chinandidabwitsa ine n'choti nsomba zonsezi zimakhala m'madzi a pamwamba okha, kupitirira mamita 250 kutsika pansi madzi alibe okosijeni, ndiye kuya konse kuja kulibe chambo kapena kampango.

Amene tinalowa m'madzi tonse tikayezetse likodzo pakapita masabata angapo, musadikire kuona magazi mumkodzo. Ndipo amene simunamalize ndalama ya thiransipoti, asungichuma akuti muwapeze Loweruka lisanafike chifukwa adalaivala akuwaimbira foni daily.