Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Timu ya pasukulu pathu, 2008 mpaka 2011

M'gawo lapitalo ndinasiyira poti dzina langa linatuluka pa CDSS ya kwathu konkuno ku Dedza, osati kusukulu yogonera komweko monga ankafunira malume. Za m'kalasi ndidzafotokoza mtsogolomu. Lero ndikambe za timu ya mpira ya anyamata, chifukwa zaka zinayi zimene ndinakhala pasukulupo ndimazikumbukira potengera mmene timuyo inalili chaka ndi chaka.

Sukulu yathu ndi imodzi mwa zija zinali ma DEC (malo a maphunziro a pakalata) kale, boma n'kuzisandutsa ma CDSS kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Chikwangwani chinasintha, koma bwalo la masewero sitinakhale nalo. Tinkabwereka la pulaimale, kutsidya kwa msewu. Linali lotsetsereka, moti kaputeni wanzeru akapambana poponya kobidi ankasankha kuyamba ndi chitunda, kuti chigawo chachiwiri, miyendo italema, tizitsetsereka. Magolo anali a bulugamu, pamwamba nsungwi yopindika pakati. Mizere tinkalemba ndi phulusa la pa uvuni wa njerwa. Njira ya kuchigayo inkadula pakati penipeni pa bwalo, ndipo panalibe woyimbira amene akanalimba mtima kuuza mayi wosenza thumba la chimanga kuti azungulire. Mpira unkaima, mayi adutse kaye.

Mu 2008, ndili Fomu 1, ntchito yanga inali kusenza ndowa ya madzi ndi kuthamangira mpira ukagwera m'mapesi. Timu ya chaka chimenecho inali ya madoda. Ambiri anali a Fomu 4, ndevu zitamera kale, mmodzi ali ndi mkazi ndi mwana kumudzi. Sikuti panali chinyengo ayi. Kumudzi mwana amayamba Sitandade 1 mochedwa, n'kubwereza Sitandade 8 kawiri katatu pofuna kusankhidwira sukulu yabwino, pofika Fomu 4 ndi bambo ndithu. Kasewero kawo kanali kamodzi: nambala 5 aumenye mpira upite kumwamba, nambala 9 authamangire, wofuna kuphedwa aime panjira. Pa zoni pathu palibe amene anapirira nawo.

Atapita paboma anakumana ndi ana a sukulu ina yogonera, onse m'jombo, masokosi ofanana, mphunzitsi wawo ali ndi kabuku m'manja. Athu theka anali opanda nsapato, ena atangomanga mabandeji m'akakolo. Awiri anagawana jombo peyala imodzi, wamanzere kutenga yamanzere, mnzake inayo. Ana aja sanalimbane nawo madoda athu. Ankangopatsirana mpira pansi, athu n'kumazungulira mpaka malilime kunja. Pobwerera mu lole munalibe woyambitsa nyimbo.

Mu Juni chaka chomwecho Flames inagonjetsa Egypt 1-0 pa Kamuzu Stadium, Egypt ili ndi chikho cha Africa m'manja. Chigoli cha Chiukepo Msowoya, m'nthawi yoonjezera, tinachimvera pawailesi ya pagolosale. Sabata yotsatira pabwalo panadzaza anyamata amene tinali tisanawaonepo akukankha mpira, aliyense akufuna nambala 9.

Madoda aja atalemba MSCE, timu inatha ngati makatani. Apa ndi pomwe anzathu ophunzira sukulu zogonera satimvetsa. Kwa iwo mwana ali pasukulu usana ndi usiku, nsima yake ilipo, mphunzitsi wa masewero amasankha amene akumufuna. Pa CDSS nthawi imeneyo timu ankaisankha ndi fizi, MANEB ndi munda, mphunzitsi ankangolandira otsala. Ahedi akabweza osalipira fizi Lolemba, Loweruka kumbuyo kunkakhala kopanda wotchinga. Nthawi yadzinja anyamata akuthamangira kukapalira ndi kubandira, chilimwe ali kudimba kuthirira kachewere. Ine ndinalowa m'timu mu 2009 mwa njira yomweyo, pa nambala 3. Luso linali lapakatikati, koma ndinkamenya ndi mwendo wamanzere, komanso fizi yanga malume ankalipiriratu teremu isanayambe.

Chinalinso chaka cha chisankho, chija cha pa 19 Meyi. Ofuna uphungu anakhazikitsa zikho ndi ma bonanza m'midzi monse, ndipo anyamata athu aluso ankazemba masewero a sukulu kukasewerera matimu a kwawo. Sindiwadzudzula. Kumeneko munthu ankabwerako ndi kangachepe m'thumba, pomwe kusukulu mphotho inali banzi ndi kapu ya Sobo. Chimene tinapindula pa kampeniyo ndi jezi. Mmodzi mwa opikisanawo anatiponyera seti yathunthu, ya mtundu wa chipani chake, dzina lake lili kumsana. Pachisankho anagwa chagada, koma jezi zake tinavala mpaka 2011, ahedi atalamula kuti padzinapo tisokerepo kansalu.

Za zigoli za chaka chimenecho tisataye nthawi. Tinkakwapulidwa kwathu ndi koyenda komwe, ndipo mapointi okhawo amene ndikuwakumbukira tinawapeza tsiku limene timu inzathu sinabwere. Kunyumba nako bambo anali atandiimirira pakhosi chifukwa cha JCE. Ndikafika madzulo miyendo ili mbuu, ankangofunsa kuti, "Iwe, mpirawo ukakulembera mayeso?"

Chaka chenicheni chinali 2010, ndipo n'chimene chimandiwawabe.

Chinayamba moipa. Goloboyi wathu analakwa JCE, ndipo m'malo mobwereza anakwera basi ya ku Joni, ija yotulukira pachipata cha Dedza n'kudzera ku Tete ndi Zimbabwe. Koma ife a Fomu 3 amene tinakhoza tinalipo ochuluka, ndipo tinali titamenyedwera limodzi chaka chathunthu, aliyense akudziwa phazi la mnzake. Kenako kunabwera mphunzitsi wachinyamata, atangomaliza kumene ku Domasi. Iyeyu analetsa zomenyera mpira kumwamba. Ankatigawa anayianayi m'tizigawo tating'ono tolembedwa ndi phulusa, kukhudza mpira kawiri basi, kachitatu mpira ndi wa anzako. Amene wachedwa ankathamanga chitunda cha bwalo lija atabereka mnzake. Pagolo anaikapo mnyamata wa Fomu 2 wamtali, amene kale ankangosewera volebo.

Pa 11 Januwale Flames ya Kinnah Phiri inaswa Algeria 3-0 ku Luanda, pa mpikisano wa Africa umene Malawi inali isanapiteko kuyambira 1984. Anagoletsa Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda. Mawa lake aphunzitsi anandiitanira pambali. "Wamuona Kafoteka? Amasewera kumbuyo ngati iwe, koma wagoletsa ndi mutu. Pa kona ndizikuona m'bokosi, wamva?" Ndinangoti, "Ndamva, aphunzitsi." Chigoli changa choyamba m'jezi ya sukulu chinabwera motero, ngakhale ena mpaka lero amati mpirawo unandigunda pakhutu ndisakuuona.

Mvula itakata tinatenga zoni ndi ana a sukulu okhaokha, wina aliyense dzina lake lili mu rejisitala. Ndikunena zimenezi motsindika chifukwa cha zimene zinatsatira. Anthu a pamsika anayamba kubwera kudzaonera, ena ndi mavuvuzela, poti inali nyengo ya World Cup ya ku South Africa. Ndipo anthu akayamba kusonkha ya mayendedwe, amayambanso kukhala ndi mawu pa timu. Akuluakulu ena a pamalo ochitira malonda anauza sukulu kuti paboma sitingapite ndi ana okhaokha, sukulu zonse zimatenga aganyu, ife ndiye tikhale opusa? Anabweretsa awiri: wina wa kabaza amene ankasewerera timu ya pamsika, wina womwetsa zigoli wochokera kudera lina, amene sukulu anaisiyira kupulaimale. Aphunzitsi athu anakana poyamba, koma lole inali ya akuluakulu omwewo. Aganyuwo anawasokera yunifolomu, anawaloweza mayina a ana ena a Fomu 3 amene sankasewera mpira, n'kuwauza kuti akafunsidwa azingoyankha mwachidule.

Chodabwitsa n'chakuti nkhani ya Niger tonse tinkaidziwa. Chaka chapitacho, pa mpikisano wa Africa wa osapitirira zaka 17 ku Algeria, Niger inachotsedwa chifukwa choseweretsa wopyola zaka, Malawi n'kutenga malo ake mpaka kukafika ku World Cup ya achinyamata ku Nigeria, komwe inagonja masewero onse atatu. Akuluakulu omwewo ankaiseka Niger pabawo.

Paboma tinapambana 2-1 m'ndime ya matimu anayi, zigoli zonse za waganyu wochokera kudera lina uja. Tisanavule n'komwe jezi, mphunzitsi wa sukulu inayo anali atakadandaula kale kwa oyendetsa mpikisano. Anatindandalitsa pansi pa mtengo, bambo wina wa magalasi ali ndi mndandanda wa mayina. Anadutsa tonse osatifunsa kanthu, n'kukaima pamaso pa womwetsa zigoli wathuyo. Anamuyang'ana kuyambira kumapazi.

"Achimwene, muli fomu chani?"

"Fomu 3, bwana."

"Chabwino. Amakuphunzitsani Bayoloje ndani?"

Mkulu uja anatchula dzina la ahedi, poti ndi lokhalo analoweza. Ahedi athu ankaphunzitsa Jogalafe. Bambo aja sanakwiye. Anangofunsanso kuti sabata imeneyo taphunzira mutu wanji, ndipo poona kuti yankho silikubwera anapempha kuti alembe dzina lake papepala. Analemba, koma kalembedwe ka dzina la bambo ake ongobwerekawo kanamusokoneza. Wa kabaza uja sanadikire kufunsidwa, anapempha kupita kuchimbudzi ndipo tinakamupeza ali kale mu lole.

Anatichotsa mumpikisano. Anthu ambiri akamaikamba nkhaniyi amaseka, ine ndemwe ndimaseka, koma pali mbali imene saitchula. Nambala 9 wathu weniweni, mnyamata wa m'kalasi mwanga amene anatimwetsera zigoli pa zoni ponse, tsiku limenelo anakhala pabenchi atavala malaya a sukulu, chifukwa jezi yake inapatsidwa kwa mlendo. Ankayenda mtunda wautali wapansi kubwera kusukulu, ndipo masiku okonzekera ankafika kwawo kutada. Sanabwerenso pabwalo. Maganizo anga mpaka lero ndi akuti sukulu ija tikanaigonjetsa ndi ana athu omwe, chifukwa mipira imene waganyu anagoletsa inachokera kumapazi athu, ndipo mnzangayo sakanaiphonya. Za akuluakulu aja, palibe ndi mmodzi yemwe anabwera kudzapepesa aphunzitsi, amene anakayankha okha mlandu kumaofesi.

Chaka changa chomaliza chinakumana ndi zinthu ziwiri zimene sizinkakhudzana ndi mpira. Choyamba, boma linali litasintha kalendala ya sukulu kuti chaka chiziyamba mu Sepitembala. Kale mayeso ankabwera kumapeto kwa chaka, miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti n'kukhala ya mpira, bwalo lili louma, kumunda ntchito itachepa. Tsopano JCE ndi MSCE zinagwera pakati penipeni pa nyengo imeneyo. A Fomu 2 ndi a Fomu 4 ankaletsedwa masewero teremu yachitatu, ndiye kuti theka la timu palibe nthawi imene likufunika.

Chachiwiri chinali mafuta. Amene munalipo mu 2011 mukukumbukira mizere ya galimoto m'mafilingi siteshoni, anthu kugona komweko ndi zigubu. Wa matola akapeza dizilo wa pamsika wakuda, mtengo wake sukulu ngati yathu sikanaukwanitsa, ndipo akuluakulu a lole aja anali atatitaya. Ndinali kaputeni chaka chimenecho, koma ntchito yanga yaikulu inali kubwereka njinga. Masewero apafupi tinkapita atatu panjinga imodzi, wina pakaliyala wina pachitsulo, kufika miyendo itatheratu. Akutali tinkangotumiza uthenga pafoni kuti sitibwera, nawonso anzathu ankatero ikakhala nthawi yawo yobwera kwathu. Zoni ya chaka chimenecho inatengedwa ndi sukulu imene inali pakatikati pa zinzake, poti ndi yokhayo inakwanitsa kufika paliponse.

Aphunzitsi aja anapempha kusamutsidwa chaka chomwecho. Jezi ndinazichapa n'kuzipereka kwa goloboyi wathu wamtali uja, ziwiri zikusowa, ndipo ndinamva kuti timu yake inadzachita bwino atafika Fomu 4, ine ndili kale ku Lilongwe. Nambala 9 uja anakhoza MSCE bwino kundiposa, pano ndi mphunzitsi wa pulaimale ndipo timu ya pasukulu pake amaiyendetsa ndi iyeyo. Ine zotsatira zisanatuluke malume anandiitanitsa kuti ndikawathandize pashopu yawo ku Area 25, ndipo gawo lotsatira liyambira pa ulendo umenewo.