Sabata ya manegativu, maliro ndi mpira

Lolemba mkonzi anandisenzetsa ntchito imene anzanga onse ankaizemba: kufukula makatoni a manegativu akale n'kusankhamo zithunzi za tsamba lapadera la 6 July. Tinaitananso mdala wina wopuma ntchito amene ankajambula m'nthawi ya Kamuzu, poti nkhope zambiri za m'zithunzizo ndi iwo okha angazizindikire.

Negativu imaulula kamera imene inaijambula. Zofanana mbali zonse, masentimita 6 uku ndi uku, mdalayo akangoziyang'ana pawindo ankati, "Iyi ndi Rolleiflex." Kamerayi umaigwira pamimba n'kumasuzumira pamwamba, ndipo filimu yake imatha ukajambula zithunzi 12. Komabe inali yopepuka poyerekeza ndi Speed Graphic ya atolankhani a ku America m'zaka za m'ma 1930 mpaka 1950, yomwe inkafuna kusintha filimu pa chithunzi chilichonse, babu la fulashi nalo n'kupsa likangowala kamodzi.

Makatoni ambiri anali a filimu ya 35mm, makamaka Kodak Tri-X. Nikon F itatuluka mu 1959, makamera a mtundu umenewu anatenga malo, filimu imodzi n'kumapereka zithunzi 36. Ndinafunsa kuti, "Bambo, pamsonkhano wa tsiku lonse zinkakwana bwanji?" Anaseka. "Mnyamata wanga, tinkawerenga mumtima. Ngwazi ikakweza litchowa iwe filimu itatha, unkapita kukafotokoza wekha kwa bwana." Akajambula ku Mzuzu, filimu inkakwera basi mu envelopu mpaka ku Blantyre, ndiye kukatsuka, kuyanika, n'kudinda pansi pa getsi lofiira. Chithunzi chinkaoneka koyamba mwambo utaiwalika kale.

Lachitatu ndinasakanso zithunzi za kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 zimene zinasungidwa pa ma CD. Ena anakana kutseguka, ena anali okalikakalika. Manegativu a m'ma 1960 sikana inawawerenga bwinobwino, mpaka mizere ya pachitenje cha Mbumba kuoneka. Kwa ine apa ndiye pamene dijito inatipusitsa, chifukwa tinapeza liwiro koma kasungidwe tinakatayirira.

Dijitoyo inayamba monyozeka ndithu. Kodak DCS 100 ya mu 1991 inali thupi la Nikon F3 la mamegapikiseli 1.3 okha, lolumikizidwa ndi chingwe ku bokosi losungira zithunzi lomwe unkalikoleka paphewa. Imene inachititsa manyuzipepala ambiri kutseka zipinda zotsukira filimu ndi Nikon D1 ya mu 1999. Kenaka mu 2008 Canon 5D Mark II inabwera ndi vidiyo, ndipo kuchokera pamenepo akonzi safunanso chithunzi chokha, amafuna ndi kanema wa pa Facebook, malipiro ali omwewo.

Lachinayi kunali maliro a mkulu wina. Kamera yanga, Canon yakale yogula kwa munthu, ili ndi galasi m'kati lomwe limati phwa phwa ukadina, moti nthawi ya pemphero mayi wina wa chigwirizano ananditembenukira ndi diso loti basi. Mnzanga pambalipa ankajambula mwakachetechete ndi yopanda galasi. Sony A9 ya mu 2017 imatha kujambula zithunzi 20 pasekondi popanda phokoso, ndipo mu 2020 Associated Press, bungwe lalikulu la nkhani la ku America, inasamutsira ojambula ake ku Sony. Imeneyi ndimaisirira, koma mtengo wake ku kwacha ndi nkhani ina.

Loweruka ndinali kuseri kwa golo ku Kamuzu Stadium. Chigoli chitangolowa foni inalira: "Achimwene, chithunzi chili kuti? Masapota aponya kale zawo." Zoona, wa foni amatipitirira, n'chifukwa chake mu 2013 nyuzipepala ya ku America ya Chicago Sun-Times inachotsa ojambula ake onse 28 poganiza kuti atolankhani azijambula ndi iPhone. Koma dzuwa likapendeka, osewera ali patali, foni imatulutsa timadontho tothamanga. Lenzi ya 300mm inandipatsa goloboyi ali m'malere, zala zitaphonya mpira pang'onong'ono. Ndinachikokera mufoni pa Wi-Fi ya kamera, n'kuchitumiza pa WhatsApp ngati document kuti chisafinyike, ndipo masewero asanathe chinali chitaikidwa kale patsamba lakumbuyo.