Wotchi yanga inaitanitsa mapemphero

Anayambitsa zonsezi ndi msuweni wanga wa ku Johannesburg. Ananditumizira machubu opangira wotchi asanu ndi limodzi a IN-12, aja ankapangidwa ku Soviet Union. Ndi timabotolo tagalasi tokhala ndi mpweya wa neon, ndipo m'kati mwa kalikonse muli timawaya khumi topindidwa kukhala manambala, 0 mpaka 9. Ukapatsa kawaya kamodzi moto wa ma volt pafupifupi 170, nambala yake imayaka psuu! Odziwa amayendetsa machubuwa ndi kachipi kotchedwa K155ID1, koma nditakafunsa mumsika wa Zomba, mnyamata wina anandilozera kogulitsa mankhwala a ziweto.

Chimene ndinali nacho ndi chitini chodzaza ma relay ozula m'ma UPS akufa, mabokosi aja opatsa kompyuta moto magetsi akathima. Ndinati basi, nambala iliyonse ikhale ndi relay yake. Maola, mphindi ndi masekondi, ma relay onse pamodzi anakwana 45, poti machubu ena safuna manambala onse khumi, kakompyuta kakang'ono kotchedwa Arduino n'kumawalamula.

Relay ndi switch yokokedwa ndi maginito, ndipo ikamagwira imalira kuti the! Pa wotchi yanga, sekondi iliyonse ina imagwira, ina n'kusiya. Tsiku lili ndi masekondi 86,400. Masana ku Chikanda kuno, ndi njinga zamoto ndi mawailesi, sumva kanthu. Usiku ndiye nkhani ina.

"Abambo," anatero mayi a kunyumba ali m'bulangete, "sankhani. Ine kapena chiwala chanucho."

Ndinasankha bwino. Wotchi inakagona pawindo la pabalaza.

Tsono ikamachoka pa 23:59:59 kupita pa 00:00:00, machubu onse amasintha nthawi imodzi, ma relay 12 n'kulirira limodzi kuti khwatha! Nthawi yomweyo ndi imene alandilodi athu, mayi achikulire opemphera kwambiri, ankadutsa kuchokera kuchimbudzi. Anamva khwatha uja, kucheuka, n'kuona maso ofiira asanu ndi limodzi akuwayang'ana pawindo langa. Limodzi la kumapeto linayamba kuphethira.

Kutacha anafika ndi mkulu wa mpingo wawo, atavala jekete, Baibulo kukhwapa.

"Mwana wanga, m'nyumba muno ukuweta chiyani?"

"Ndi wotchi chabe, amayi. Taonani." Ndinazula pulagi kukhoma, maso onse n'kuthima, chiwala n'kukhala chete. Ndinayamba kufotokoza za neon, koma abambo aja anali atayamba kale pemphero. Anayandikira, mawu akukwera, n'kusanjika dzanja kumbuyo kwa wotchi, kumene mawaya anali pamtunda chifukwa bokosi ndinali ndisanakhome.

Kapasita, kachipangizo kena ka m'wotchimo, imasunga moto ngakhale utazula pulagi, makamaka ngati sunaiikire resistor yotsitsa motowo. Yanga inalibe.

"Tulu... Mayo!"

Baibulo uko, iwo uko. Anaima pakhomo akupemerera chala, n'kuyang'ana alandilodi mwaulemu wonse.

"Mayi, chilimo. Ndipo n'champhamvu."

Ndinalankhula mpaka kukamwa kuuma. Ndinawaonetsa relay imodzi, n'kuiliza ndi batire iwo akuona. Mkulu wa mpingo anakana kuigwira. Alandilodi anamvetsera zonse modekha, akugwedeza mutu, kenako anafunsa ngati maso aja analidi asanu ndi limodzi.

"Eya, amayi."

"Ndiye kuti ndi anthu atatu. Tinagwirizana kuti m'nyumba muno muzikhala awiri. Kuyambira mwezi uno, ya madzi muwonjezere."